Kumwamba Kulibe Sikelo

Ndinakulira m'malayini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Bambo anga ankadzuka nkhungu isanachoke, dengu kumsana, chipepala cha pulasitiki m'chiuno kuopa mame. Madzulo tiyi ankapita pa sikelo, ndipo moyo wa banja lonse unkadalira nambala imene yalembedwa m'buku. Makilo akachepa, ife tinkadziwira pa ndiwo.

Panali akapitawo ena, dzina ndisunge, odziwika ndi kudula makilo. Lero ati masamba anyowa, mawa ati mwathyola okhwima. Chodabwitsa n'chakuti tinkapemphera nawo mpingo umodzi wa Sabata. Tsiku la mgonero abambo amapita kwaokha, amayi kwaokha, kukasambitsana mapazi. Tsiku lina, ndili ndi zaka 12, ndinasuzumira pawindo. Ndinaona akapitawo aja atagwada, thaulo paphewa, akutsuka mapazi a bambo anga odzaza ming'alu. Kenako bambo nawonso anagwada. Lolemba makilo anadulidwanso ngati kale.

Ndinafunsa kuti, "Bambo, munthu wotibera uja mukumusambitsiranji mapazi?" Iwo anangoti, "Mwanawe, kumwamba kulibe sikelo."

Yankho limeneli lakhala likundivuta mpaka lero. Akhristu timakhulupirira kuti chipulumutso n'cha aliyense mofanana, bwana ndi wothyola, Mlomwe ndi mzungu. Pa Mateyu 20 pali fanizo la mwini munda amene analipira mofanana olowa ntchito m'mawa ndi olowa dzuwa litapendeka. Kwa mwana wokulira pafupi ndi sikelo, fanizo limeneli limakoma komanso limapweteka. Kodi si njira yongotitonthoza kuti tipirire pansi pano, zathu tikazipeza kumwamba? Pajatu m'minda yomweyi munali thangata, anthu kugwira ntchito kwa mwini malo ngati lendi ya pamene amanga nyumba, ndipo ambiri anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Wantchito amene maso ake ali kumwamba savutitsa bwana, eti?

Koma mbiri yathu ikunenanso zina. Joseph Booth, mmishonale amene anayambitsa mishoni ya Plainfield ku Thyolo konkuno, imene a Seventh-day Adventist anaigula mu 1902 ndipo pambuyo pake inatchedwa Malamulo, anali atalemba kale mu 1897 buku lonena kuti Africa ndi ya Aafirika. John Chilembwe anayamba ngati wantchito wapakhomo pa Booth. Asanaukire atsamunda mu 1915, matchalitchi a mpingo wake anali kuwotchedwa pa esiteti ya ku Magomero. Owotchawo sanali opusa ayi. Ankadziwa kuti munthu akamva Lamlungu kuti ndi wofanana ndi bwana pamaso pa Mulungu, tsiku lina adzafunsa chifukwa chake Lolemba sakufanana. Ndiye chiphunzitsochi si bulangete lofunditsa osauka kuti agone. Chili ndi mano.

Vuto langa lenileni lili pena. Mawu akuti "aliyense" akuphatikizanso akapitawo aja. Kunena zoona, ine ndinkafuna chipulumutso cha anthu onse kungochotsapo iwowo. Atamwalira, bambo anapita kumaliro, anagona kusiwa mpaka kucha. Ine ndinakana, ati ndili ndi zochita m'tauni. Nditakula ndinazindikira kuti nawonso anali ndi wowakalipira pamwamba pawo, ndiponso kuti nyumba yawo inkaposa yathu ndi chipinda chimodzi basi. Izi sizikufafaniza makilo athu. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake sanangoimba nyimbo, analonjeza kubweza kanayi kwa amene anawabera. Akapitawo aja sanabweze ngakhale kilo imodzi, ndipo pamenepo ndimawadandaulabe. Khomo ndi lotsegukira onse, inde, koma wolowapo sayenera kutuluka ali chimodzimodzi.

Komabe ndani anandipatsa ine buku loti ndizilemba woyenera ndi wosayenera? Panopa ndimagwira ntchito ku Limbe. Mwezi wathawu ndinachotsera mtsikana wotithandiza pakhomo ndalama chifukwa anaswa mbale ziwiri. Ndinawerengera bwinobwino pa foni, mtima uli m'malo. Usiku ndi pamene ndinakumbukira thaulo lija paphewa. Aise, sikelo ndinali nayo m'manja ndi ineyo, ndipo ndinali ndisanamve kulemera kwake.

Tsopano ndikuganiza kuti bambo sankanena kuti makilo alibe ntchito. Ankakana kuti sikelo ya pa esiteti iwauze mtengo wawo, kapena mtengo wa mdani wawo. Ndalama za mtsikana uja ndinabweza, ndi manyazi ndithu. Mgonero wotsatira uli pafupi, ndipo kumpingo kwathu kuli m'bale wina amene sitinalankhulane kuyambira chaka chatha. Beseni likadzafika, sindikudziwa ngati maondo anga adzalola. Koma thaulo ndagula kale.