Ulembe wa Kombe: Kodi Nzeru Yophera Ingakhale Yabwino?

Munthu akaima pa mapiri a Thyolo, pamene minda ya tiyi ithera, amaona chigwa cha Shire chili pansi. M'nkhalango za chigwa chimenecho mumamera mtengo woyanga dzina lake kombe. Amang'anja akale ankasinja njere zake, napanga ulembe wopaka ku mivi. Nyama ikalasidwa inkathamanga pang'ono n'kugwa, pakuti ulembewo umaimitsa mtima. Alenje ankadula mnofu wa pabala n'kutaya, yotsalayo n'kudya.

Tsono m'chaka cha 1861 dziko lino linali pa moto. Ankhondo ogwira akapolo, ena a iwo ali ndi mfuti, ankatentha midzi ya Amang'anja, ndipo anthu anathawira kumapiri ndi kuthengo. Kumeneko wodziwa mitengo ndiye anali ndi moyo: ankadziwa muzu wodyedwa, tsamba lotsuka chilonda, ndi njere yopaka ku muvi. Uta umene unkasaka nyama unali womwewo wotchinjiriza ana.

Alipo ena amene amati nzeru yotere njonyansa, chifukwa ntchito yake ndi imfa. Inu owerenga, taganizani bwino. Kodi bambo amene mudzi wake wazingidwa achimwa pogwira chida chimene makolo anamusiyira? Ine ndiyesa kuti mlandu uli pa iye amene anadza ndi goli, osati pa iye amene anasinja njere.

Koma nkhani ya kombe siithera pomwepo. M'zaka zomwezo John Kirk, dotolo amene ankayenda ndi David Livingstone, anasunga kombe m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Njerezo zinapita ku Britain. Ku Edinburgh, Thomas Fraser anaziyesa zaka zambiri, ndipo mu 1885 analengeza kuti kombe wochepa kwambiri amathandiza mtima wofooka. Posakhalitsa njere zinayamba kugulidwa kuno ndi kutumizidwa kunja, odwala a ku Ulaya napeza nazo mpumulo.

Apa ndipo pali funso lolemera koposa loyamba lija. Fraser anagwira ntchito yaikulu, tisamuchepse. Komabe anayambira pamene ena anafika kale. Amene anasiyanitsa kombe ndi mitengo ina yonse ya m'thengo, napeza kuti mphamvu yake ili m'njere, anali anthu a kuno, ndipo kapena ena anafa poyesa. Phindu lalikulu la mankhwalawo linatsala kutsidya la nyanja. Lero nkhalango yaikulu ya pa phiri la Thyolo inadulidwa, ndipo nkhalamba zodziwa mitengo zikutha osafunsidwa.

M'mabuku a sayansi mtengowo umatchedwa Strophanthus kombe. Mawu achiwiriwo ndi athu, koma dzina la mlenje amene anayamba kusinja njerezo silinalembedwe.