DNA ionekere ndi maso, isamangolowezedwa pamtima

Mwana wa Fomu 4 angathe kukuuzani mosadodoma kuti DNA ndiyo imasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse. Koma mukamufunsa kuti akatswiri amadziwa bwanji kuti magazi awa ndi a uje osati a uje, amangoti zyoli. Mlandu si wake. Tinamupatsa yankho, njira yopezera yankholo sitinamuonetse.

Njira ina yoteroyo ndi gel electrophoresis, ndipo siyovuta monga dzinalo likumvekera. Mphunzitsi amasungunula m'madzi otentha ufa wa agarose, wochokera ku ndere za m'nyanja zamchere, n'kuuthira m'kathireyi momwe waimikamo kachipeso. Zikazizira n'kulimba, amazula kachipesoko ndipo mumatsala timaenje tondondozana. M'timaenjemo ndimo amadonthezeramo DNA yomwe yadulidwadulidwa kale ndi ma enzyme monga EcoRI, amene amadula paliponse pomwe apeza zilembo GAATTC. Kenako amayatsa magetsi. Chifukwa cha phosphate yomwe ili m'thupi mwake, DNA ili ndi mphamvu ya negative, motero imachoka ku waya wakuda kulowera ku waya wofiira. Paulendowu iyenera kudutsa m'timipata tosaoneka ta gel. M'munda wa chimanga chothinana, kamwana kopanda katundu kamatulukira msanga kusiyana ndi mayi wosenza mtolo wa nkhuni. N'chimodzimodzi apa: tizidutswa tatifupi timafika patali, tatitali timatsalira. Akathira utoto wa methylene blue, pamaoneka mizere, uliwonse pamalo pake molingana ndi kutalika kwa tizidutswato.

Chomwe ndimachikonda kwambiri pa ntchitoyi ndi chakuti imafuna dzanja. Mwana wagwira pipette, kachida kodonthezera DNA, dzanja likunjenjemera, mpweya wagwira, anzake amuzungulira. Akakankha mopitirira aboola pansi pa kadzenje, DNA n'kumwazikira m'madzi. Pa mawaya pakutuluka tinthovu, umboni woti magetsi akuyenda. Pamapeto wina apeza mizere yooneka bwino, wina chimkwasa chosadziwika mutu wake. Wa chimkwasayo waphunzira chinthu chimene bolodi silingamuphunzitse: umboni wa sayansi umapangidwa ndi anthu, ndipo wosasamala amauononga.

Phunziro limeneli si lamasewera. Mu 1984, Alec Jeffreys wa ku yunivesite ya Leicester ku England anazindikira kuti mizere yotere ingasiyanitse munthu ndi mnzake. Apolisi atagwiritsa ntchito njirayi koyamba mu 1986, choyamba chimene inachita ndi kumasula mnyamata amene anali atavomera kale mlandu wakupha womwe sanapalamule. Wolakwa weniweni, Colin Pitchfork, anagamulidwa mu 1988. Kale mu 1949, Linus Pauling ndi anzake anagwiritsanso ntchito magetsi kuonetsa kuti hemoglobin ya odwala sickle cell imayenda mosiyana ndi ya anthu ena, ndipo matendawa alipo pakati pathu. Mwana amene lero akudonthezera DNA m'kadzenje, mawa akhoza kukhala namwino, wapolisi kapena woweruza yemwe adzafunika kudziwa pomwe umboni wa DNA umathera.

Ena adzati ndikulota masana, poti masukulu ambiri, makamaka ma CDSS, alibe labotale, ena ngakhale magetsi. Zoona. Komatu chiyambi chake sichilira zambiri: kabokosi ka pulasitiki, ufa wa agar, soda wophikira wosungunula m'madzi, mawaya awiri osachita dzimbiri ndi mabatire 5 a 9 volts olumikizidwa mondondozana. M'malo mwa DNA mumaika utoto wothira m'zakudya, ndipo ana amaona mitundu ikulekana pamaso pawo. Aphunzitsi anene poyera kuti imeneyo si DNA, koma lamulo loyendetsa zonsezi ndi lomwelo. Utoto woopsa wa ethidium bromide usayandikire n'komwe kusukulu.

DNA yeniyeni ndi ma enzyme zimafuna ndalama ndi firiji. Apa ndipo ndikupempha ma yunivesite athu, ya ku Zomba, MUST ku Thyolo, LUANAR ku Bunda ndi KUHeS ku Blantyre: patulani masiku ochepa pa teremu, muitane ana a sekondale zoyandikana nanu pamodzi ndi aphunzitsi awo, mwana aliyense agwire pipette ndi dzanja lake asanalembe mayeso a MSCE.