Chigaza cha Pakhoma

M'nyumba zambiri za alenje a ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa, mlendo akalowa m'chipinda chochezera amalonjeredwa ndi zigaza za nyama zopachikidwa pakhoma. Pamakhala cha njati, cha ngoma, cha mphalapala, nthawi zina ngakhale cha mkango. Kukonza chigaza chotere ndi ntchito yofuna kudekha. Mutu wa nyama amayamba ausenda chikopa, kenaka amauphika pamoto wochepa kuti mnofu ulekane ndi fupa, pakuti madzi akabwata kwambiri mano amang'aluka. Ena amauika m'bokosi la tizilombo todya mnofu wouma, timene timanyambita fupa mpaka m'kati mwa mphuno osathyola kafupa ndi kamodzi komwe. Pambuyo pake amachiyeretsa chigazacho ndi mankhwala a hydrogen peroxide, koma nyanga sazipaka kuopa kuti zingataye mtundu wake. Chikauma amachikhomera pathabwa losemedwa ngati chishango, ndipo m'munsi mwake amalembamo tsiku ndi malo amene nyamayo inagwera.

Kodi munthu wochita zonsezi akulemekeza nyama ija, kapena akudzitama? Iye mwini amati akuilemekeza. Amati nyama imene inamuyendetsa masiku angapo m'thengo siyenera kuiwalika monga muja iiwalikira mbuzi yozingidwa pamsika. Mawuwa si opanda pake, chifukwa munthu sasunga chinthu chimene amachinyoza.

Komatu mbiri ya khalidweli ikuonetsanso china. M'chaka cha 1892 Rowland Ward, katswiri wokonza mitu ndi zikopa za nyama mumzinda wa London, anasindikiza buku la miyeso ya nyanga za nyama zazikulu. Bukulo lakhala likusindikizidwa mobwerezabwereza, ndipo pafupi ndi muyeso uliwonse pamalembedwa dzina la mwini wake wa chigazacho. Tsono nyama ikasanduka nambala, mlenje sakulimbananso ndi nyama koma ndi alenje anzake. Chimene chili pakhoma paja sichinena kuti ngoma inali yokongola. Chikunena kuti ngoma ya uje inaposa ya uje.

Kusaka kwa makolo a kuno kwathu kunali ndi malamulo ena. Pauzimba nyama inkagawidwa, ndipo mfumu inkalandira gawo lake. M'madera ambiri ozungulira mtsinje wa Zambezi, njovu ikaphedwa, mnyanga umene wagwera pansi unkakhala wa mwini dziko. Chikopa cha kambuku chinkayenera mafumu. Sikuti alenjewo analibe matama, iwonso ankakonda kutamandidwa pabwalo. Koma chotsala cha nyama chinkaloza ku mudzi ndi ku ufumu, osati kwa munthu mmodzi yekha.

Oikira kumbuyo kusaka kolipira ali ndi mfundo yolimba imene siyenera kupeputsidwa. Amati mlenje wachuma amalipira ndalama zambiri chifukwa cha nyama imodzi, ndipo ndalamazo zimalipira alonda a nkhalango ndi kuthandiza midzi imene minda yake imaonongedwa ndi njovu. Ndondomeko ya CAMPFIRE, imene inayamba kugwira ntchito ku Zimbabwe m'chaka cha 1989, inamangidwa pa ganizo limeneli. Amakumbutsanso kuti dziko la Kenya linaletsa kusaka kotere m'chaka cha 1977, komabe nyama zake zakutchire zinapitirira kuchepa. Dziko la Botswana linakuletsa mu 2014, ndipo mu 2019 linakulolanso. Mayi amene chimanga chake chapondedwa ndi njovu usiku umodzi sangamve msanga munthu wa kutali amene akulirira njovuyo.

Vuto lili pa chimene khoma limafuna. Mkango umakonda kugwira nyama yofooka, koma mlenje wa zigaza amasankha yamphongo ya nyanga zazikulu koposa. Ku Ram Mountain, m'dziko la Canada, akatswiri anatsatira nkhosa za m'mapiri kwa zaka pafupifupi 30, ndipo mu 2003 analengeza kuti nyanga za nkhosazo zinkacheperachepera chifukwa zamphongo zanyanga zazikulu zinkaphedwa zisanabereke ana ambiri. Kukonda nyanga kunayamba kutha nyanga zomwezo.

Chovuta chinanso ndi chakuti chigaza sichilankhula. M'mwezi wa July 2015, mkango wotchuka wotchedwa Cecil unaphedwa kunja pang'ono kwa nkhalango ya Hwange ku Zimbabwe. Mkangowo unali ndi lamba m'khosi amene akatswiri a ku yunivesite ya Oxford ankautsatira naye. Unalasidwa ndi muvi, ndipo unazunzika kwa maola ambiri usanamalizidwe. Chigaza chake chikanayeretsedwa ndi kupachikidwa, mlendo aliyense akanaona mano aatali ndi fupa loyera. Palibe akanaona maola aja. Mankhwala oyeretsera amachotsa magazi, ndipo pamodzi ndi magaziwo imachoka nkhani yonse imene munthu angaweruzire ngati kuphako kunali koyenera kapena kwankhanza.

Ku South Africa nkhaniyi inafika poipa kwambiri. Kumeneko mikango zikwi zingapo yakhala ikuwetedwa m'makola ngati ziweto, ndipo ina ikakula imatulutsidwa m'malo otchingidwa ndi waya kuti wolipira aiombere. Mu 2021 boma la dzikolo linalengeza kuti likufuna kuthetsa malonda amenewa. Mkango woleredwa ndi manja a anthu suthawa ukaona galimoto, chifukwa umayesa kuti chakudya chafika. Chigaza chake chikauma chimayezedwa m'litali ndi m'lifupi monga cha mkango umene unakulira m'thengo, ndipo thabwa limene chimakhomedwapo ndi lomwelo.