Kagalu Kakaipitsa M'nyumba, Mlandu Ngwa Yani?

Kumudzi kulibe munthu amene amakhala pansi nkumaphunzitsa galu kopita akafuna kudzithandiza. Galu wa ku Chembe, wa ku Malindi kapena wa ku Makanjira amagona paphulusa, amadya mkute ndi mitu ya usipa, ndipo m'mimba mukamuvuta amanyamuka yekha ulendo wa kutchire. Koma tsatani msewu wochokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, mulowe m'makoteji amene andanda m'mbali mwa nyanja, mudzapezamo agalu a mtundu wina: tiagalu ta ubweya woyera totchedwa Maltese, ta Jack Russell, ndi tina tochepa ngati mphaka. Timeneti timagona m'nyumba, ndipo tikaipitsa pasimenti timalandira mkwapulo, mwinanso kukanikizidwa mphuno pa zoipa zomwezo. Funso langa lioneka lachibwana kwa anzanga amene akulimbana ndi Plato, komabe ndilifunsa: kodi nkoyenera kulanga cholengedwa chifukwa chophwanya lamulo limene sichikulidziwa, limenenso thupi lake silingathe kulisunga?

Tiyambe ndi thupilo. Mwana wa galu sabadwa wauve. Akakwana masabata 3 amayamba kukwawa kuchoka pogona pake kuti akadzithandize chapatali. Chimene sadziwa nchakuti kwa ife anthu nyumba yonse, zipinda zake zonse, ndi pogona. Kwa kagalu kolemera makilogalamu 2, kuseri kwa mpando wa pabalaza nkutali ndithu. Kumeneko ndiye kutchire kwake. Chikhodzodzo chake nchaching'ono ndipo chakudya sichikhalitsa m'mimba. Osunga agalu amawerengera kuti mwana wa galu amapirira pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake: wa miyezi 2 maola 2, wa miyezi 3 maola 3. Ambiri amayamba kudzigwira bwino pakati pa miyezi 4 ndi 6, koma tating'onoting'onoti nthawi zina timachedwa kufikira chaka. Onjezanipo kutentha kwa kunyanja mu Okutobala, pamene kagalu kamangokhalira kumwa madzi. Tsono bwana akatseka chitseko 7 koloko m'mawa nkudzatsegula 5 koloko madzulo, ndiye kuti walamula chinthu chosatheka. Mlanduwo adaulemba yekha pamene ankazunguza kiyi.

Wina adzati: "Iai, kamadziwa kuti kalakwa. Taonani mmene kakupanira mchira ndi kugwetsa makutu ndikangolowa." Ambiri amakhulupirira zimenezi, ndipo Mayi Alexandra Horowitz a pa Barnard College ku New York adaziyesa m'chaka cha 2009. Adatenga agalu 14 pamodzi ndi eni ake. Mwini galu ankaletsa galu wake kudya kachakudya kena nkutuluka panja. Nthawi zina galuyo ankadyadi, nthawi zina sankadya, ndipo mwiniwake pobwera ankauzidwa mwina zoona mwina zabodza. Chimene chidaoneka nchakuti nkhope yamanyazi ija inkabwera galu akakalipiridwa, kaya adadya kaya sadadye. Agalu osalakwa akakalipiridwa ndiwo ankaoneka olakwa kwambiri. Motero chimene timachitcha kuvomera mlandu ndi mantha chabe. Kagalu kakuwerenga nkhope ya bwana. Za mkodzo umene kadataya maola 4 apitawo kadaiwala kale.

Nanga mkwapulo umaphunzitsa chiyani, poti palibe chilango chimene chimapita pachabe? Edward Thorndike, poyesa amphaka m'mabokosi m'chaka cha 1898, adaonetsa kuti nyama imabwereza mchitidwe umene wabala zokoma nthawi yomweyo. Chinsinsi chili pa mawu akuti nthawi yomweyo. Chilango chochedwa chimalumikizika ndi chimene chili pafupi, ndipo chimene chili pafupi ndi bwana mwiniwake. Ngakhale kagalu kagwidwe kali mkati mochita, phunziro limene kamatola ndi lakuti kudzithandiza munthu akuona nkoopsa. Mawa lake mukakatulutsa panja kadzangoima nkumakuyang'anani, kakudzigwira. Mukangolowa m'nyumba kadzathamangira kuseri kwa kabati. Bwana amafuna galu waukhondo, koma wadzipangira galu wodziwa kubisa. Apa ndipo pali nkhani yonse, ndipo siikhudza agalu okha. Mwana wokulira mkwapulo amaphunzira kunama mwaluso. Kalasi loopa mphunzitsi silifunsa funso. Anthu olamulidwa ndi mantha amaomba m'manja masana nkumanong'onezana usiku, ndipo wowalamulayo amakhala womaliza kudziwa chimene chikununkha m'nyumba mwake.

Njira yoyenera ilipo, ndipo siyachilendo. Kagalu katulutsidwe kakangodzuka, kakangomaliza kudya, kakangotha kusewera, ndiponso musanagone. Muzikapititsa malo amodzimodzi, pakuti fungo la dzulo ndilo limakakumbutsa ntchito ya lero. Kakachita pamenepo, kayamikireni pomwepo ndi mawu okoma kapena kachidutswa ka nsomba yopanda minga. Chakudya chiperekedwe pa nthawi zodziwika kuti nazo nthawi zotuluka zidziwike. M'nyumba kasayendeyende paliponse. Kakhale pamalo ochepa pamene maso anu akufika, ndipo mukaona kakununkhiza pansi ndi kuzungulirazungulira, kanyamuleni msanga. Kakaphonya, kolopani mwakachetechete mpaka fungo litheretu. Kunyanja kuno palinso zina zoti muganizire. Mchenga wa masana umaotcha mapazi, choncho malo osankhidwawo akhale pamthunzi. Usiku kagalu kotere sikatulutsidwa kokha, chifukwa kunja kuli njoka ndi agalu oyendayenda, ndipo katemera wa chiwewe, amene amaperekedwa kagalu kakakwana miyezi 3, sayenera kuzengerezedwa.

Taonani bwino mndandanda umenewu. Palibe mzere ndi umodzi womwe umene ukulamula galu. Yonse ikulamula munthu: dzuka usiku, sunga nthawi, penyetsetsa, ugwire mtima. Chimene timachitcha kuphunzitsa galu kwenikweni ndi kudziphunzitsa kwa mwini galu. Nchifukwa chake mkwapulo umakondedwa. Ngwapafupi, sulanda tulo, ndipo umachotsa mlandu pamutu pa wamphamvu nkuuika pa wopanda pakamwa.

Ena adzanditsutsa ndi mwambi wakuti m'mera mpoyamba, kuti chinthu chosawongoledwa chikali chaching'ono chimakula chokhota. Ndikuvomera. Sindikunena kuti kagalu kalekereredwe. Koma mlimi wowongola mtengo amauzikira chikhomo nkuumangirira ndi luzi, saumenya ndi chibonga. Enanso adzati galu ndi galu basi, ndipo nkulakwa kutaya inki pa iye pamene ana ena a m'boma lomweli akugona ndi njala. Mawuwa ngolemera. Komabe Jeremy Bentham adalemba m'chaka cha 1789 kuti poweruza mmene tichitire ndi nyama, chofunika nkuona ngati imamva kuwawa, osati ngati imaganiza kapena kulankhula. Immanuel Kant, amene sankakhulupirira kuti tili ndi udindo kwa nyama mwachindunji, adaphunzitsabe kuti wochitira nkhanza nyama amaumitsa mtima wake kwa anthu. Chifundo si ufa woti ukapatsako galu mwana asowa. Dzanja lozolowera kumenya chofooka silisankha.

Pali munthu wachitatu pa mlanduwu amene kawirikawiri saitanidwa kubwalo: wantchito wa m'nyumba. Eni makoteji ambiri amakhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo ngakhale alipo, chikolopa sachigwira. Amachigwira ndi bambo kapena mayi wa m'mudzi wapafupi, ndipo ku Mangochi kuno ambiri mwa anthu amenewa ndi Asilamu. M'chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene chidafika kuno pamodzi ndi amalonda a kugombe la Zanzibar ndi Kilwa, malovu ndi zoipa za galu ndi najisi yaikulu. Chimene zakhudza chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Chisilamu sichiphunzitsa kuzunza galu. Chimalola galu wosakira nyama ndi wolondera ziweto kapena munda, ndipo mashehe amasimba za munthu amene adakhululukidwa machimo chifukwa chomwetsa madzi galu waludzu. Koma galu wogona m'chipinda ndi nkhani ina. Munthu amene akuyenera kukhala woyera pa swala kasanu pa tsiku akatumidwa kukolopa mkodzo wa galu m'mawa ndi madzulo, popanda ndi kufunsidwa komwe, wasenzetsedwa katundu amene bwana sakumuona. Sakana, poti ntchito njosowa. Ndipo mkwiyo umatsika ngati madzi: bwana akalipira wantchito, wantchito amenya kagalu theche bwana atatembenuka. Awiri opanda mawu akulangana chifukwa cha chisangalalo cha munthu wachitatu.

Kodi tsono nkulakwa kusunga kagalu m'nyumba? Ine ndikuti iai. Nkhalamba yokhala yokha kapena mwana wosowa mnzake amapeza chitonthozo chenicheni mwa kanyama kotere. Koma wolowetsa galu m'nyumba wamulanda thengo, ndipo wolanda ali ndi ngongole. Ngongoleyo imabwezedwa ndi tulo todukiza kwa miyezi ingapo, ndi kuleza mtima, ndi chikolopa m'manja mwa mwini galu, kapena m'manja mwa wantchito amene wafunsidwa mwaulemu, wavomera mwaufulu, ndipo akulipidwa moyenera. Amene sangathe kubweza ngongoleyi amangire galu wake kanyumba panja, kapena asakhale naye konse.

Ife amene tili pa koleji pano, mawa tidzakhala aphunzitsi, oweruza milandu, akuluakulu a maofesi ndi makolo. Tidzatseka zitseko zambiri ndi kuika malamulo ambiri. Tisanakweze dzanja pa wotilakwira, tiziyamba tadzifunsa mafunso atatu. Kodi lamuloli akulidziwa? Kodi angathe kulisunga? Nanga ine mbali yanga ndachita? Yankho likakhala iai pa limodzi lokha mwa mafunsowa, woyenera kuimbidwa mlandu ndi amene wagwira mkwapulo.