Kumvera ndi Kumvana: Za Wosesa M'nyumba ya Eni ku Karoi

Pa Chichewa, munthu akafuna womuthandiza kusesa, kukolopa ndi kuchapa, amati akufuna "kulemba wantchito". Mneni ameneyu ndi yemwe uja wa cholembera ndi pepala, ndipo amakumbutsa buku la kalaliki wa pafamu, momwe dzina la munthu linkalowa pa tsiku loyamba ntchito. Chodabwitsa n'chakuti mwa anthu onse olembedwa ntchito, wa m'nyumba ndiye amene kawirikawiri sipakhala cholembedwa chilichonse chokhudza iye. Amafika ndi kachikwama kake, amamuonetsa tsache ndi pogona, m'mawa mwake ntchito yayamba. Ola loyambira, ola lowerukira, tsiku lopuma ndi tsiku la malipiro amazidziwa pang'onopang'ono, makamaka pa tsiku limene walakwitsa. Choncho funso nali: kodi wolemba mnzake ntchito ya m'nyumba ali naye ngongole ya mawu otani asanamupatse tsache?

Funsoli limaoneka bwino mu mbiri ya Karoi, tawuni ya m'boma la Hurungwe ku Mashonaland West, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Harare pa msewu wopita ku Chirundu. Mafamu a fodya a m'derali adakula makamaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, pamene boma la Southern Rhodesia lidapereka malo kwa azungu amene adali asilikali. Fodya amafuna manja ambiri, ndipo ambiri mwa manjawo adachokera kumpoto: ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Northern Rhodesia. Ena adayenda pansi, ena adakwera malole a Ulere, ena adalembedwa ndi Mthandizi. Ochuluka sadabwererenso kwawo, nasanduka matchona. N'chifukwa chake Chichewa chidazika mizu m'makomboni a m'mafamu, pamodzi ndi Gule Wamkulu ndi mizikiti ya Ayao. Mwa anthu amenewa mudatuluka akukhi, ochapa ndi osesa a m'nyumba za eni mafamu, ndipo pa nthawiyo ambiri a iwo adali amuna.

M'nyumba zimenezo, zimene bwana ndi dona ankafuna sizidali zobisika. Lamulo la Masters and Servants la chaka cha 1901, limene lidagwira ntchito mpaka kumapeto kwa ulamuliro wa azungu, lidasandutsa kujomba, kukana zimene bwana walamula ndi kumuyankha mwachipongwe kukhala milandu yoti munthu alipire chindapusa kapena apite kundende. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Blair Rutherford, amene adachita kafukufuku m'mafamu a ku Hurungwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi kusindikiza buku lake Working on the Margins mu 2001, adaonetsa kuti ngakhale ufulu utabwera, mwini famu ankalamulirabe antchito ake monga mutu wa banja ulamulira a pakhomo pake, mwa chisomo ndi mwa chilango, kunja kwa mabwalo a boma. Ngati famu yonse inkayendetsedwa ngati pakhomo, nanji m'khitchini mwenimwenimo.

Ulamuliro umenewu udali ndi chiyankhulo chake, Chilapalapa, mphukira ya Fanakalo wa m'migodi ya ku South Africa, chimene mawu ake ambiri adachokera ku Chizulu ndi Chindebele. Wophunzira ziyankhulo amaona msanga chimene chidasowa m'menemo. Mchewa amasiyanitsa "iwe" ndi "inu", "bwera" ndi "bwerani", ndipo akafuna kufewetsa pempho amati "tabwerani" kapena "mubwereko kuno". M'khitchini mwa dona zonsezi zidafota. Padatsala "wena" kwa aliyense, ndi aneni olamula monga "hamba", "buya" ndi "sebenza". Bambo wa imvi, amene kukomboni ankatchulidwa ndi mfunda wake ndipo ana ankamugwadira, akalowa m'nyumba ya bwana ankasanduka "boyi". Doris Lessing, amene adakulira pafamu pafupi ndi Banket, pa msewu womwewo wochokera ku Harare, adajambula nyumba yotere m'buku lake The Grass is Singing la mu 1950: mayi wolamula, wodula malipiro, wosintha antchito motsatizana, koma wosatha kucheza ndi aliyense wa iwo monga munthu mnzake.

Apa galamala ya Chichewa ikuthandiza kuunika nkhaniyi. Kuchokera ku mneni "kumva" kumatuluka "kumvera" ndi "kumvana". Kumvera kumayenda njira imodzi: wina anena, wina achita. Kumvana kuli mu msintho wochitirana, ndipo kachidutswa kaja "-an-" sikatheka popanda anthu awiri amene aliyense ali ndi pakamwa ndi khutu. Ndi momwemonso "pangano" lidachokera ku "kupangana". Wafilosofi wa ku Oxford J. L. Austin, m'buku lake How to Do Things with Words la mu 1962, adaphunzitsa kuti mawu ena sangofotokoza zinthu koma amachita ntchito, ndipo kulamula ndi kulonjeza ndi zina mwa ntchitozo. Kusiyana kwake n'kwakuti lamulo limamanga womva, pamene lonjezo limamanga wonena. Nyumba ya dona idali yodzaza ndi mawu omanga womva. Mawu omanga wonena adali osowa, ndipo ngakhale poso wa ufa ndi nyemba ankaoneka ngati chifundo cha bwana.

Zinthu zidasintha. Mu 1980 boma latsopano la Zimbabwe lidaika malipiro ochepetsetsa a madola 30 pamwezi kwa antchito a m'mafamu ndi a m'nyumba. Kuyambira mu 2000, mafamu ambiri a ku Karoi ndi ku Tengwe adalandidwa ndi kugawidwa, ndipo antchito ochuluka adataya ntchito pamodzi ndi pokhala. Zidzukulu za matchona zidavutika koposa, popeza zidalibe mudzi wobwererako, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya ambiri opanda dziko lowavomereza, mpaka malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 adatsegulanso khomo kwa obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo adachokera m'mayiko a SADC. Ena mwa ana aakazi a m'makomboni adalowa m'nyumba za aphunzitsi, anamwino, amalonda ndi alimi atsopano. Wolemba ntchito tsopano ndi munthu wakuda, mwinanso mdzukulu wa wantchito wa m'nyumba, ndipo safuna n'komwe kumveka ngati dona. Chilapalapa adachisiya, natenga chiyankhulo cha chibale. Wantchito amamutcha "sisi", iye n'kumayankha kuti "amayi". Pa tsiku lofika amamva mawu okoma: "Mwafika pakhomo panu, muli ngati mwana wathu."

Mawuwa amachokera mu mtima wabwino nthawi zambiri, koma ali ndi msampha. Ntchito ili ndi malire, pamene chibale chilibe. Mwana wa pakhomo saweruka, safunsa kuti madzi a usiku awatenthetsa pa mtengo wanji, ndipo sakumbutsa mayi ake kuti mwezi watha. Wolembedwa kuti azisesa ndi kuchapa amapezeka akulera khanda, akusamalira agogo odwala, ndipo nyengo ya fodya ikafika akusankha masamba m'shedi, zonsezi pa malipiro omwe aja. Akadandaula amamuona ngati wosayamika. Komatu chibalechi chimayendanso njira imodzi: tsiku limene mbale yasweka kapena ndalama yasowa, "mwana wathu" uja amamanga katundu wake madzulo omwewo, zimene sizichitika kwa mwana wobadwa m'nyumbamo. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambiwo umapereka udindo kwa wamkulu. Ukatembenuzidwa kuti mwana wa mnzako azigwira ntchito yopanda malire, watha kukhala mwambi wa umunthu.

Motero pali njira ziwiri zolakwira wantchito ndi mawu. Yoyamba ndi kumuuza zonse momveka koma osamulola kuyankha. Yachiwiri ndi kumulankhula mokoma koma osamuuza kanthu komangika. Yachiwiriyi imaoneka yaulemu, koma imasiya mphamvu zonse m'manja mwa mwini nyumba, chifukwa pamene sipadanenedwe kanthu, iye ndiye amasankha tsiku lililonse chimene chili ntchito ndi chimene chili kulakwa. Mwambi umati safunsa adadya phula, ndipo umadzudzula wosafunsayo. Koma m'nyumba momwe kufunsa za malipiro kumatengedwa ngati mwano, mlandu wa phulalo uli pa amene adatseka pakamwa pa wofunsa. Wokhala ndi mphamvu ndiye ayenera kuyamba kulankhula, ndipo ayambe ndi mawu omanga iye mwini.

Malamulo adayesa kunena zomwezi m'njira yawo. Malamulo a antchito a m'nyumba a ku Zimbabwe a chaka cha 1992 adagawa ntchitoyi m'magulu: wosamalira pabwalo, wophika ndi kukonza m'nyumba, wolera ana, ndi wosamalira okalamba kapena olumala. Adaikanso malire a maola 49 pa sabata. Kugawa kumeneku kukutanthauza kuti kusesa ndi kulera ndi ntchito ziwiri zosiyana, iliyonse ndi mtengo wake. Pa 16 June 2011, bungwe la ILO lidavomereza ku Geneva pangano la nambala 189 lokhudza antchito a m'nyumba, ndipo ndime yake yachisanu ndi chiwiri imafuna kuti wantchito adziwitsidwe za ntchito yake m'njira yomveka mosavuta ndi yotsimikizika, makamaka polemba. Kumveka kumeneku ndi nkhani ya chiyankhulo. Pepala la Chingerezi loperekedwa kwa mtsikana amene sukulu adalekera pafamu lingakhale Chilapalapa chatsopano, chomanga iye yekha. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 adaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka mu Zimbabwe, ndipo palibe choletsa kuti pangano likambidwe ndi kulembedwa m'Chichewa kapena m'Chishona.

Pali zotsutsa zitatu zimene ziyenera kumvedwa. Choyamba, ena amati kupangana maola ndi ndalama kumaziziritsa ubale ndipo ndi khalidwe lachilendo. Koma makolo sadaope kupangana. Waganyu amayamba waona ndime, mizere iwerengedwa, mtengo unenedwa, kenako khasu ligwa pansi. Ngakhale ukwati, umene ndi ubale woposa onse, uli ndi ankhoswe ake osunga zimene zidanenedwa. Malire omveka ndiwo amapatsa mphatso tanthauzo: chitenje choperekedwa pamwamba pa malipiro athunthu ndi mphatso, koma choperekedwa m'malo mwa malipiro ndi chinyengo chovala nsalu ya chifundo.

Chachiwiri, wolemba ntchito mwiniwake ndi wosauka. Mphunzitsi wa ku Chikangwe adaona malipiro ake akusungunuka mu 2008, adaona dola ya America ikulowa mu 2009, dola ya Zimbabwe ikubwerera mu 2019, ndi ZiG ikuyamba mu April 2024. Zimenezi n'zoona, koma zikungokulitsa kufunika kolankhula. M'dziko lotere, kunena chiwerengero cha malipiro osatchula mtundu wa ndalama n'chimodzimodzi kusanena kanthu, ndipo kugwa kwa ndalama kumagwera wofooka. Amene sangathe kulipira mwezi wathunthu angathe kupangana za masiku awiri pa sabata, kuti mnzakeyo akapeze zina kwina. Umphawi umachepetsa zimene munthu angagule, koma supereka chilolezo chotenga nthawi yonse ya mnzake pa mtengo wa theka.

Chachitatu ndicho cholemera koposa: kodi munthu wanjala, wopanda chitupa ndi wopanda kwawo angapangane ndi aliyense? Adzavomera chilichonse, ndipo "inde" wake ndi kumvera kovala dzina la kumvana. Chotsutsachi sichingayankhidwe kwathunthu m'khitchini, chifukwa mizu yake ili m'minda, m'masukulu ndi m'maofesi opereka zitupa. Komabe chimasonyeza poyesera pangano loona. Immanuel Kant adalemba mu 1785 kuti munthu asagwiritsidwe ntchito ngati chida chabe. Chida sichikana. Choncho muyeso wa kumvana ndi wakuti: kodi pali chinthu chimodzi chimene wantchito angakane, mawa lake n'kukhalabe pa ntchito? Ngati angathe kunena kuti "Amayi, zochapa za alendo sitidapangane" popanda kuopa kugona panja, ndiye kuti "-an-" uja alipodi.

Zoyenera kukambidwa pa tsiku loyamba si zambiri. Wolemba ntchito anene zipinda zosesa, masiku ochapa ndi kusita, zinthu zosayenera kukhudzidwa, ndi mmene amafunira kuti ntchito ioneke ikatha, pakuti kuyembekezera ukhondo n'koyenera ndipo kubisa chimene ukufuna n'kutchera mnzako msampha. Pa mpando womwewo anenenso za iye mwini: ndalama zingati, za mtundu wanji, pa tsiku liti, ola lowerukira ndi tsiku lopuma, chimene chidzachitike wantchito akadwala kapena kukagwa maliro kwawo, amene adzalipire mbale yosweka, ndi masiku a chenjezo ntchito isanathe. Afunsenso dzina limene munthuyo amafuna kuitanidwa nalo. Kukhale mboni ya mbali iliyonse, monga zimakhalira pa nkhani zonse zolemera za kumudzi, ndipo zolembedwa, ngakhale zitakhala pa tsamba la kope la mwana wasukulu, zikhale ziwiri, china kwa mwini nyumba, china m'kachikwama kaja.

Wosesa m'nyumba amaloledwa kufika kumene alendo safika. Amadziwa pogona eni ake, mankhwala amene amamwa ndi mikangano ya usiku, ndipo amayembekezeka kusunga zonsezo pamodzi ndi makiyi. Amene akupempha kukhulupirika kwakukulu chotere ayenera kuyamba ndiye kupereka mawu oti nayenso angagwidwe nawo. Agogo a atsikana ambiri a ku Karoi adalembedwa m'buku limene sadaloledwe kuliwerenga. Zidzukulu zawo zikalembedwa ntchito, ziyenera kumva chimene chalembedwacho m'chiyankhulo chawo, ndi kukhala ndi mpata wowonjezerapo mzere wawo.