Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ili ndi maso, koma ambiri amene amaiponda m'njira nthawi ya dzinja sanawaonepo. Masowo ndi timadontho takuda kunsonga kwa tinyanga take tiwiri tatitali. Ukangogwedeza tsamba limene yakhalapo, imatibweza m'kati, mwinanso n'kulowa yonse m'chigoba. Wofuna kuwaona ayenera kugwada, kusendera pafupi, ndi kungoti duu mpaka nkhonoyo itaiwala kuti pali munthu.

Mwambiwu timaunenera munthu wopupuluma: wofuna kuweruza mlandu asanamve mbali zonse, kapena mkamwini amene akufuna kudziwa khalidwe la apongozi m'sabata imodzi. Ambiri amaumva ngati ukungonena kuti dikira. Ine ndimamvamo china chowonjezera. Munthu atha kudikira tsiku lonse ali chiimire osaona kanthu, chifukwa nkhono ili pansi. Kudekha kwake kukuphatikizapo kusintha pamene waima, ngakhale mawondo adetsedwe ndi matope.

Anthu amene amajambula zithunzi zoseketsa za ntchito zaluso amaudziwa mwambiwu m'mawondo mwawo. Elliott Erwitt, wojambula wa bungwe la Magnum amene anamwalira mu 2023, analowa m'nyumba yoonetseramo zaluso ya Prado ku Madrid mu 1995. M'menemo muli zojambula ziwiri za Francisco Goya zopachikidwa moyandikana, mkazi mmodzi yemweyo atagona chimodzimodzi, kwina atavala, kwina ali chibadwire. Erwitt sanalimbane ndi zojambulazo, anaima kumbuyo kwa oonerera. Pachithunzi chake amuna aunjikana kutsogolo kwa chamalisechecho, pamene kutsogolo kwa chovalacho kwaima mayi mmodzi yekha. Nkhope zawo sitikuziona, misana yokha ndiyo ikuwaulula. Chithunzi chotere sungachilamule kuti chibwere. Umasankha malo, n'kudikira kuti anthu adzikonze okha.

Munthu yemweyu mu 1974 ku New York anatsitsa kamera mpaka msinkhu wa kagalu kovala kachisoti. Pambali pake pakuoneka nsapato zazitali za mayi wina ndi miyendo ya chigalu chachikulu, mitu yawo osaoneka. Akanajambula ataimirira, bwenzi ali agalu awiri ndi mbuye wawo basi, osaseketsa aliyense.

Zosema zachilendo zimanyenga wojambula, chifukwa amaganiza kuti chinthucho n'chodabwitsa kale, ntchito yake n'kungodina. Panja pa nyumba yoonetseramo zaluso ya Guggenheim ku Bilbao pali kangaude wamkuwa wotalika pafupifupi mamita 9, wotchedwa Maman, ntchito ya Louise Bourgeois. Ukamujambula uli patali, amangokhala kangaude wamkulu. Kamera ikakhala pansi n'kuyang'ana m'mwamba, miyendo yake imakhala ngati ikugwera munthu, ndipo mnzako akangokweza manja, nthabwala yatheka. Koma amene walowa pansi penipeni n'kukweza maso amaona thumba lawaya pamimba pake, muli mazira amwala wa nsangalabwi. Bourgeois ankakumbukira mayi ake, amene ntchito yawo inali yokonza nsalu zoluka zakale. Chilombo chija n'chamazira. Chithunzi chapafupi cha thumbalo, pansi pake mlendo akunamizira kuthawa, chimaseketsa mwamtundu wina, poti wothawayo sakudziwa kuti akuthawa mayi.

Kamera simadziwa kukula kwenikweni kwa chinthu. Chapafupi imachikuza, chapatali imachichepetsa, zonse n'kuziika patsamba limodzi lafulati. N'chifukwa chake dzanja la munthu lingaoneke ngati lachirikiza nsanja yopendekeka ya ku Pisa, nsanjayo ili kutali ndithu. Foni imachita bwino masewerawa poti nthawi zambiri imaonetsa bwino chapafupi ndi chapatali pamodzi. Vuto n'lakuti nthabwala ya ku Pisa inatha mchere kalekale. Aliyense wofika amatambasula dzanja, wina phazi, ndipo wojambula amakuwa kuti sendera kumanzere pang'ono. Kulimbikira kulipo, thukuta likutuluka, koma onsewo aima pamalo amene anaimapo anzawo dzulo, kufuna chithunzi chimene anachiona kale asananyamuke kwawo.

Martin Parr, wojambula wa ku England, anafika pabwalo lomweli mu 1990. Iye anaima pambali, pamene mzere wa dzanja ndi nsanja sukugwirizana. Pachithunzi chake nsanja ili payokha kumbuyo, ndipo kutsogolo kuli alendo obalalika, aliyense wapendekeka mwa iye yekha, manja ali m'mwamba, akukankha mphepo.