Mwana wachinayi amene sanatchulidwe



Pali funso limene limandibwererabe mumtima: munthu akabisa zoona chifukwa cha mantha, kodi walakwa? Nanga mlanduwo ndi wake yekha?

Mu Seputembala 2018 ndinagwira nawo ntchito ya kalembera wa anthu ndi nyumba m'boma la Machinga. Ndinali nditangomaliza Fomu 4, ndipo aka kanali koyamba kugwira ntchito yolipidwa. Mafunso onse anali m'tabuleti, mayankho ake n'kumapita ku ofesi ya NSO ku Zomba.

Tsiku lina ndinafika pakhomo pena kumapeto kwa mudzi. Mayi apakhomopo anandiyalira mphasa, n'kunditchulira ana atatu. Nditafika pa funso loti kodi pakhomo pali munthu wachialubino, anati ayi, maso ali pansi. Koma pachingwe panali payanikidwa kachipewa kotambalala ndi kamalaya ka manja aatali, ndipo m'nyumba munamveka kamwana kakutsokomola.

Tonse tikukumbukira zaka zimenezo. Abale athu achialubino ankabedwa ndi kuphedwa, ndipo Machinga inkatchulidwa kawirikawiri pa nkhani zoopsazi. Ndiye tangoganizani: mnyamata wachilendo wabwera ndi kamakina, akufunsa za mwana wanu. Inuyo mukanaulula?

Kunena zoona, ndinafuna kungolemba atatuwo n'kumapita. Dzuwa linali litaswa mtengo, nyumba zotsala zinali zambiri, ndipo wotiyang'anira sakanadziwa. Koma ndinaika tabuleti ija pamphasa n'kuti, "Mayi, zimene mundiuze pano sindiloledwa kuuza wina aliyense, ngakhale amfumu. Mayina satuluka, chimatuluka n'chiwerengero basi." Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mwanawe, ukakanena kunjaku, Mulungu akuona." Atatero anaitana kamtsikana kaja.

Mayi aja sindiwaweruza. Bodza lawo linali loteteza moyo wa mwana. Komabe bodza lomwelo likanamulanda mwanayo kenakake. Kalembera uja anapeza kuti m'Malawi tinalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo achialubino anali oposa 134,000. Munthu akamapempha boma mafuta oteteza khungu m'zipatala, kapena mabuku a zilembo zikuluzikulu m'masukulu, amaimira pa nambala ngati imeneyi. Mwana wosalembedwa amakhala kuti alipo pakhomo, koma pa mapulani a dziko palibe.

Wina anena kuti, "Nanga wolemberayo akanakhala wolongolola?" Eya, mfundo yagona pomwepo. Ndikanakaifotokoza nkhaniyi pa bawo kumsika, mantha a mayi aja akanakhala olondola, ndipo wolakwa ndikanakhala ine. Sitingauze anthu kuti azinena zoona pamene ife ofunsafe sitisunga pakamwa. Choncho mlandu wa mwana wobisidwa timagawana: wobisayo ali ndi gawo lake, koma gawo lalikulu lili kwa ife amene sitinaonetse kuti tingakhulupiridwe. Imeneyi ndiyo amana.

Masiku ano ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera. Ophunzira akamva za luso la ntchito amathamangira kompyuta ndi Chingerezi. Zimenezo n'zofunika ndithu. Koma chimene chinatulutsa kamtsikana kaja m'nyumba si tabuleti ayi. Kunali kukhala pamphasa mwaulemu, kudikira, ndi kusunga chinsinsi. Ndipo luso limeneli limayambira pa zazing'ono. Monitala, ukamalemba kuti mnzako wabwera pamene wajomba, ukuphunzira kupeka nambala. Msungichuma wa kalabu, K500 ukuti ubweza mawayo ndi mayeso ako oyamba. Mnzako akakuuza za mavuto akwawo iwe n'kuziponya pa gulu la WhatsApp, ndani adzakuuze za mwana wake?

Kalembera kwathu kuno wakhala akuchitika pakatha zaka khumi: 1998, 2008, 2018. Akadzabweranso, ena mwa inu muli pasukulu lero ndinu mudzaodire m'makomo. Yambani pano kukhala anthu oti mayi wamantha angakuuzeni zoona. Ndipo kwanu mukawauze makolo ndi agogo kuti olembera akadzafika, adzatchule aliyense: khanda, nkhalamba, wolumala, ngakhale mwana wamasiye amene akumulera.

Kamtsikana kaja panopa katha msinkhu. Dzina lake ndi mudzi wake sindinauzepo munthu, ndipo pano sindikuuzani.

Allah atipatse mitima yosunga amana. Ameen.